Ngongole yoyamba imalemba dzina: njira ya opeza zochepa ku Machinga ndi Balaka

M'mayiko monga South Africa, munthu akangoyamba ntchito, mabanki ndi masitolo amam'thamangira ndi khadi ya ngongole. Amagula katundu lero, n'kudzalipira pakutha pa mwezi, ndipo akamabweza mokhulupirika dzina lake limakwera mpaka kudzaloledwa ngongole ya galimoto kapena ya nyumba. Achinyamata ambiri a ku Machinga ndi Balaka omwe adakagwirako ntchito ku Johannesburg ndi Cape Town adaziona zimenezi ndi maso awo.

Kuno kwathu zinthu sizili choncho. Khadi yomwe anthu ambiri ali nayo m'chikwama ndi ya ATM, yongotulutsa ndalama zomwe mwini wake adasungitsa kale. Makhadi a ngongole alipo kumabanki ena akuluakulu, koma amaperekedwa kwa anthu a malipiro okhazikika komanso okwera, omwe ndalama zawo zimadzera ku banki komweko mwezi ndi mwezi. Mayi wogulitsa tomato pa Liwonde, mnyamata wa kabaza pa Ulongwe ndi mlimi wa thonje kwa Phalula sali pamndandanda umenewo. Ngongole yawo yoyamba imadzera pafoni, ku banki mkhonde, ku bungwe la ngongole zing'onozing'ono, kapena kwa wakatapila.

Khomo limene munthu walowera koyamba limanena zinthu ziwiri: ndalama zomwe adzalipire pamwamba pa zomwe wabwereka, ndiponso ngati kukhulupirika kwake kudzalembedwe penapake kuti kudzam'thandize mawa. Vuto la maboma awiriwa, monganso madera ambiri akumidzi, n'lakuti malo omwe anthu amabweza bwino kwambiri salemba mbiri yomwe banki ingaione, pomwe malo omwe amalemba mbiri ndi omwe ali okwera mtengo komanso osavuta kupunthwirapo.

Chifukwa chiyani nkhaniyi yakula tsopano

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 735 000 m'boma la Machinga ndi oposa 438 000 m'boma la Balaka, lomwe lidapatulidwa ku Machinga mu 1998. Ochuluka mwa anthuwa amadalira ulimi wa mvula, usodzi ku nyanja za Chilwa ndi Chiuta, geni ndi ganyu. Nthambi za mabanki zidaunjikana m'matauni a Liwonde ndi Balaka, kotero munthu wa kwa Ngokwe, ku Nayuchi kapena ku Utale amaononga ndalama ya ulendo asadafike n'komwe pakhomo la banki. Ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndiye ali pafupi.

Zaka zapitazi zafinya mabanja amenewa. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Namondwe wa Freddy adakokolola mbewu ndi nyumba m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndipo chaka chotsatira ng'amba ya El Niño idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Pofuna kuchepetsa kukwera kwa mitengo, Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024.

Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma adakwera kuchoka pa K50 000 kufika pa K90 000 pamwezi mu 2024, kenaka K126 000 mu 2025, koma mitengo ya chimanga, feteleza ndi mafuta ophikira sidadikire. Pamene ndalama yolowa ikutha mwezi usadathe, ngongole imasiya kukhala mpamba wa geni n'kusanduka chakudya cha lero. Ngongole yodyera ndiyo imavuta kubweza kuposa ina iliyonse, chifukwa siibereka kanthu.

Mbiri ya ngongole: amalemba ndani, amalemba chiyani

Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lolola kuti pakhale mabungwe osunga mbiri ya anthu obwereka ndalama, ndipo mu 2016 lamuloli lidaunikidwanso kuti mabanki ndi mabungwe ena a zachuma azipereka mbiriyo kumabungwewa. Odziwika pantchitoyi ndi Credit Data CRB ndi TransUnion, ndipo onse amayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Munthu akapempha ngongole, wobwereketsa amafunsa kaye kumeneko: kodi uyu adabwerekapo? Adabweza pa nthawi yake? Ali ndi ngongole kwina?

Kale zinali zovuta kulondola munthu chifukwa maina amafanana ndipo ambiri adalibe chiphaso. Akatswiri atatu, Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang, adachita kafukufuku pakati pa alimi a paprika m'chigawo chapakati omwe ankabwereka ku Malawi Rural Finance Company. Ena mwa alimiwo adawadinditsa chala potenga ngongole, ena ayi. Zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 2012 zidaonetsa kuti alimi omwe poyamba ankaoneka kuti sangabweze ndiwo adasintha kwambiri atadinda chala: adatenga ngongole zocheperako, adaikadi zipangizo m'munda, ndipo adabweza bwino. Munthu akadziwa kuti dzina lake silingasokonekere, amabwereka mosamala.

Lero chomwe chinali kafukufuku chasanduka moyo wa tsiku ndi tsiku. Kuchokera mu 2017, pomwe National Registration Bureau idalemba anthu oposa 9 miliyoni, chiphaso cha unzika chalumikizidwa ndi nambala ya foni komanso akaunti ya ku banki. Kutaya simukhadi n'kugula ina sikufafaniza ngongole. Izi zili ndi ubwino wake, poti wosauka wopanda nyumba ya chikole tsopano ali ndi china chomwe angaonetse, chomwe ndi mbiri yake. Zilinso ndi kuopsa kwake, poti K5 000 yoiwalika ingathe kutseka khomo la K500 000 zaka zingapo kutsogolo.

Pali chizolowezi china chofala m'midzi chomwe chimaika anthu m'mavuto: kubwereketsa foni kapena chiphaso kwa mbale kuti atengere ngongole. Pamaso pa wobwereketsa, mwini chiphaso ndiye wabwereka. Agogo a kwa Kalembo omwe mdzukulu adawalembetsera nambala n'kutengerapo ndalama ndiwo amakhala ndi dzina loipa, ngakhale sadaone ndi tambala yomwe.

Makomo omwe alipo ndi mtengo wake

Khomo lofulumira kuposa onse ndi foni. Ambiri adayamba kubwereka osadziwa kuti akubwereka, potenga mayunitsi a Kutapa ku Airtel kapena Pasavute ku TNM. Kenaka padabwera ngongole za ndalama zenizeni, monga Kutchova ya Airtel Money mogwirizana ndi FDH Bank. Sipafunika chikole, mboni kapena kalata ya mfumu. Kompyuta imayang'ana momwe munthu amagwiritsira ntchito nambala yake n'kumuikira mlingo.

Valentina Brailovskaya, Pascaline Dupas ndi Jonathan Robinson adafufuza za ngongole ya Kutchova pomwe inkalipiritsa 10 peresenti pa masiku 15. Sadapeze umboni woti kupeza ngongoleyo kudasaukitsa anthu, koma adapeza kuti ambiri sankadziwa bwino malamulo ake, makamaka chindapusa cha ochedwa, ndipo ambiri ankabweza mochedwa n'kulipira chindapusacho. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale anthu ena atawaphunzitsa pafoni za malamulowo, kubweza pa nthawi yake sikudasinthe kwenikweni. Izi zikusonyeza kuti gwero la vuto si umbuli wokha. Tsiku lobweza likafika m'thumba mulibe kanthu, kudziwa malamulo sikubala ndalama.

Masamu ake ndi awa. Kulipira 10 peresenti pa masiku 15 kumaoneka kochepa: pa K10 000 ndi K1 000 yokha. Koma chaka chili ndi zigawo 24 za masiku 15, kotero wobwereka n'kubweza chaka chonse walipira pafupifupi 240 peresenti. Ngongole yotere imayenera munthu amene akudziwa tsiku lenileni lomwe ndalama ilowe, monga wogulitsa nsomba amene waoda ku Chilwa lero ndipo agulitsa pa Ntaja mawa. Kwa wogulira feteleza mu Disembala, ndi msampha.

Khomo lachiwiri ndi banki mkhonde. Njirayi idayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, ndipo lero magulu otere ndi ofala ku Machinga ndi Balaka. Anthu odziwana amagula masheya sabata ndi sabata, kubwereketsana, n'kugawana pakutha pa chaka. Magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti pamwezi. Pa K50 000, 20 peresenti ndi K10 000 mwezi uliwonse, zomwe n'zokwera kuposa banki kutalitali. Kusiyana kwake n'kwakuti chiwongoladzanjacho chimabwerera kwa eni ake tsiku logawana.

Banki mkhonde ili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, m'magulu ena aliyense amakakamizidwa kubwereka kuti ndalama zisagone m'bokosi, ndipo izi zimachititsa amayi ena kulowa magulu atatu kapena anayi, kubwereka uku kuti abweze uko, mpaka malata ndi mbuzi kulandidwa. Chachiwiri, kope la gulu limathera m'mudzi momwemo. Mayi amene wabweza mosaphonya kwa zaka zisanu ndi chimodzi kwa Nsamala akafika ku banki pa Balaka amaoneka ngati sadabwerekepo chibadwire.

Khomo lachitatu ndi mabungwe olembetsedwa: ma SACCO, omwe ambiri ali pansi pa MUSCCO yomwe idayamba mu 1980, magulu a COMSIP omwe adaphuka kuchokera ku ntchito za MASAF, ndi mabungwe a ngongole zing'onozing'ono monga FINCA, CUMO, VisionFund ndi MicroLoan Foundation. Lamulo la 2010 loyendetsera ngongole zing'onozing'ono ndi la 2011 loyendetsera ma SACCO adaika mabungwe otere pansi pa diso la Reserve Bank. Ku SACCO munthu amayamba wasunga, ndipo ngongole yake imayezedwa ndi masheya ake. Ndi njira yochedwa, koma ndiyo imamanga zinthu ziwiri pamodzi, chuma ndi dzina. Kumabungwe a ngongole za m'magulu, mamembala amaikirana umboni, kutanthauza kuti mmodzi akathawa otsala ndiwo amalipira. Kusankha anzako a gulu n'kofunika ngati kusankha bungwe lenilenilo.

Kwa aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi alangizi omwe angoyamba ntchito ya boma pa Nsanama kapena Kankao, pali ngongole zodula pa malipiro. Zimaperekedwa msanga chifukwa wobwereketsa saopa kanthu, poti ndalama imadulidwa isadafike kwa mwini wake. Ngozi yake ndi kuonjezera ngongole pamwamba pa ngongole. Wogwira ntchito amauzidwa kuti angathe kutenga ina yoyamba isadathe, zaka zobweza zimatalika, ndipo malipiro otsala sakwanira mwezi, zomwe zimamukankhira kwa wakatapila.

Katapila ndiye khomo lomaliza. Safuna fomu, koma amasunga khadi ya ATM, chiphaso kapena njinga, ndipo ena amafuna kuti ndalama ibwerere ndi theka pamwamba, ena kuwirikiza kawiri, pamwezi umodzi. M'madera a mpunga ndi chimanga muli mtundu wina wa katapila womwe sutchulidwa dzinali: vendala amapereka ndalama mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi ya njala, n'kudzatenga matumba pokolola pa mtengo wa pansi. Apa palibe mbiri yomwe imalembedwa. Ukabweza bwino, chomwe wapindula n'chakuti wakatapilayo adzakubwerekanso.

Kalendala ya mlimi ndi kalendala ya ngongole

Chomwe chimagwetsa obwereka ambiri m'maboma awiriwa si ulesi kapena chinyengo, koma kusagwirizana kwa nyengo. Mlimi wa thonje ku Balaka amafuna ndalama mu Novembala ndi Disembala, ndipo amagulitsa kuyambira cha mu Meyi. Wa nandolo amadikira kufika mu Ogasiti kapena Seputembala. Ngongole zambiri zomwe zili pafupi naye zimafuna kubweza pa sabata, pa masabata awiri kapena pamwezi. Amene watenga ngongole yotere kuti alimire amayamba kubweza mbewu isadamere, ndipo amabweza pogulitsa nkhuku kapena kukagwira ganyu m'munda wa wina pomwe wake ukufuna kupalira.

Ngakhale atakolola bwino, msika ungathe kumutembenukira. Mu 2017 dziko la India lidachepetsa mlingo wa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mtengo kuno udagwa koopsa alimi atakolola kale. Mu 2018 nyanja ya Chilwa idaphwa kwambiri, monga idachitiranso mu 1995, ndipo asodzi, oumitsa nsomba ndi ogulitsa adatsala manja ali m'khosi. Kompyuta yosunga mbiri siidziwa kuti nyanja idaphwa. Imangolemba kuti uyu sadabweze.

Apa ndi pomwe pali kupanda chilungamo kobisika. Mbiri ya ngongole imayenera kuyeza khalidwe la munthu, koma kwa wodalira mvula imayezanso nyengo. N'chifukwa chake ngongole yoyamba ya mlimi imayenera kukhala yaing'ono, yoti angathe kubweza ngakhale chaka chitavuta, ndipo ngati n'kotheka ikhale yomangidwa pa geni yomwe imalowetsa ndalama sabata iliyonse, osati pa munda wokha.

Phunziro la ngongole za boma

Dziko lino lili ndi mbiri yaitali ya ngongole za boma zomwe zidafa chifukwa chosabwezedwa. Ngongole za makalabu a alimi pansi pa SACA zinkabwezedwa bwino kwambiri, mwa zina chifukwa cha mantha a nthawi ya chipani chimodzi, mpaka chilala cha 1992 ndi kusintha kwa ndale zidazigwetsa. M'malo mwake mudabwera Malawi Rural Finance Company mu 1994, nayonso idadzatha. Mu 2005 kudabwera MARDEF, yomwe idadzakhala MEDF, ndipo mu 2020 idasinthidwa kukhala NEEF. Dzina lasintha kangapo, koma dandaulo lakhala limodzi: anthu ambiri sabweza.

Chifukwa chake n'chodziwika. Ngongole ikalengezedwa pamsonkhano wa ndale, olandira amaitenga ngati mphatso yothokozera voti. Kale munthu ankatha kudya ndalama zotere n'kuiwalika boma likasintha. M'nthawi ya chiphaso cha unzika zimenezo zikutha. Wachinyamata wa ku Liwonde amene ngongole yake yoyamba ndi ya boma, kaya ya geni kaya ya sukulu ya ukachenjede, ayenera kudziwa kuti wandale amene adamuuza kuti asade nkhawa sadzakhalapo tsiku lomwe banki idzam'bweze.

Njira ina yomwe yakhala ikuyesedwa ndi kuika malire pa chiwongoladzanja. Nkhaniyi idavuta m'Nyumba ya Malamulo mu 2018 ndi 2019, koma lamulo silidadutse. Mayiko ena adayesa: Zambia idaika malire mu 2013 n'kuwachotsa mu 2015, ndipo Kenya idaika mu 2016 n'kuchotsa mu 2019. Chomwe chidaoneka ku Kenya n'chakuti mabanki adachepetsa kubwereketsa anthu ang'onoang'ono n'kuthamangira kubwereketsa boma. Malire paokha sathandiza munthu amene banki siikumuona n'komwe.

Kenya ili ndi phunziro lina lotiyandikira. Ngongole za pafoni zitafala kuchokera pomwe M-Shwari idayamba mu 2012, anthu ochuluka zedi adalembedwa ngati osabweza chifukwa cha tindalama tochepa. Mu 2020 banki yaikulu ya dzikolo idalamula kuti ngongole yosafika 1 000 shillings isamaipitse dzina la munthu. Ndi bwino kuphunzira pa chilonda cha mnzako chako chisadatuluke.

Funso la chikhulupiriro

Ku Machinga ndi Balaka kuli Asilamu ambiri, ndipo chipembedzo cha Chisilamu chimaletsa chiwongoladzanja. Kwa mabanja ambiri kwa Kawinga, Nyambi, Liwonde ndi Amidu, kukana ngongole ya ku banki si umbuli koma chikhulupiriro. Ena amakhala kunja kwa mabanki moyo wawo wonse, n'kumadalira abale, chipereganyu ndi ndalama zochokera ku South Africa. Reserve Bank idalola kuti mabanki atsegule magawo otsata malamulo a Chisilamu, ndipo FDH Bank idatsegula gawo lake lotchedwa Salama. M'njira yotere banki imatha kugula katundu n'kumugulitsa kwa kasitomala pa mtengo wogwirizana, wolipira pang'onopang'ono. Funso lomwe latsala ndi ngati ntchito zotere zifike kwa wogulitsa usipa pa Nselema, kapena zithera kwa amalonda akuluakulu a m'mizinda.

Mafunso oyenera kufunsa musadasaine

Safunsa adadya phula. Amene akufuna ngongole yoyamba, kaya ali ku Liwonde kaya ndi mbale wake wa mu Blantyre amene amafunsidwa nzeru pafoni, ali ndi mafunso ochepa omwe angamupulumutse.

Loyamba: ndikatenga ndalama iyi, ndidzabweza zingati zonse pamodzi, m'makwacha? Peresenti imasokoneza, chifukwa wina amanena ya pamwezi, wina ya pachaka, ndipo ena amadula ndalama ya fomu ndi ya inshulansi musadalandire. Mukapempha K100 000 n'kulandira K92 000, chiwongoladzanja chanu chenicheni n'chokwera kuposa chomwe chalembedwa. Funsaninso ngati chiwongoladzanjacho chimawerengedwa pa ndalama yonse mpaka kumapeto, kapena pa yotsala yokha. Njira yoyambayo imadula kwambiri ngakhale nambala itaoneka yofanana.

Lachiwiri: ndikachedwa ndi tsiku limodzi, sabata imodzi kapena mwezi, chimachitika n'chiyani? Lachitatu: kodi bungweli lili ndi chilolezo cha Reserve Bank? Aliyense wofuna kuti mutumize ndalama pafoni kuti ngongole yanu ituluke, musadamuone ndi maso kapena kusaina kanthu, ndi wakuba. Lachinayi: ndikabweza bwino, kodi mbiri yanga mudzaitumiza kumabungwe osunga mbiri, kapena mumangotumiza maina a olephera okha?

Kupatula mafunsowa, pali zizolowezi zomwe zimamanga dzina popanda kubwereka zambiri. Kusunga nambala imodzi ya foni yolembetsedwa m'dzina lanu, n'kumadutsitsa ndalama za geni pamenepo, kumasiya mapazi omwe wobwereketsa angawaone. Kutsegula akaunti, ngakhale yaing'ono, n'kumaikamo kanthu mwezi uliwonse kumachita chimodzimodzi. Kukhala ndi ngongole imodzi pa nthawi imodzi n'kwabwino kuposa zitatu zazing'ono. Ngati zinthu zavuta, kupita kukakambirana tsiku lisadafike n'kwabwino kuposa kuzimitsa foni. Mukamaliza kubweza, sungani malisiti ndi mauthenga a pafoni, ndipo pemphani kalata yotsimikiza kuti mwamaliza. Munthu ali ndi ufulu woona zomwe zalembedwa za iye ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe.

Pomaliza, kuikira wina umboni ndi kubwereka komwe. Amalume akakupemphani kuti muwasainire, dziwani kuti akalephera ngongoleyo ndi yanu.

Zomwe zili m'manja mwa akuluakulu

Udindo wonse sungakhale pa wobwereka. Pali zinthu zitatu zomwe Reserve Bank, mabanki ndi makhonsolo a Machinga ndi Balaka angachite popanda kudikira thandizo lakunja.

Choyamba ndi kupeza njira yoti kope la banki mkhonde liziwerengedwa. Magulu ambiri ali kale ndi maakaunti ku banki kapena pafoni, ndipo ena adayambira pa Mtukula Pakhomo ndi ntchito za chitukuko za boma, kotero maina awo ndi odziwika. Ngati mamembala avomereza, mbiri ya kubweza kwawo ingathe kukhala umboni pofunsira ngongole yokulirapo. Izi ziyenera kuchitika mosamala, kuti mbiri yabwino ilembedwe popanda kusandutsa mlembi wa gulu kukhala wapolisi wa anzake.

Chachiwiri ndi kugwiritsa ntchito lamulo la 2013 lolola katundu wosunthika, monga ziweto, njinga yamoto, makina osokera ndi mbewu zosungidwa, kukhala chikole cholembetsedwa. Lamuloli lidapangidwira anthu enieni ngati a m'maboma awiriwa, omwe malo awo ndi a makolo ndipo alibe pepala la umwini. Likapanda kufika m'midzi, lidzangothandiza omwe anali nacho kale chikole.

Chachitatu ndi kuteteza dzina la munthu ku tingongole tating'ono ndi ku ngozi zogwa mwadzidzidzi. Boma likalengeza kuti dera lili pangozi chifukwa cha chilala kapena madzi osefukira, payenera kukhala lamulo lomveka loti obwereka m'deralo apatsidwe nthawi asadalembedwe ngati olephera. Malamulo a ngongole za pafoni nawonso ayenera kuoneka m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndi ndalama yonse yobweza yolembedwa m'makwacha, munthu asadadine batani lovomereza.

Khadi ya ngongole ingadzafike ku Ntaja ndi ku Ulongwe tsiku lina, mwina osati ngati khadi koma ngati mlingo wa ndalama pafoni. Koma mbiri yomwe idzagwiritsidwe ntchito tsiku limenelo ikulembedwa panopa, ndi ngongole za K5 000 ndi K20 000 zomwe anthu akutenga mwezi uno. Amene akubweza mokhulupirika pansi pa mtengo wa mango Lachinayi lililonse ali kale ndi mbiri yabwino. Chomwe chatsala n'chakuti omwe ali ndi makiyi a ndalama apeze njira yoiwerengera.